Akuti asintha kayendetsedwe ka madzi ndi magetsi: kodi osauka tipindula kapena tilira?

Funso: "Ndine mayi wa ana anayi. Ndimachita lendi pampanda wa mabanja asanu. Tonse timatunga pampope umodzi, mita ndi imodzi, bilu ikabwera timagawana. Magetsi ali kwa eni nyumba okha, ife timaunikira kandulo ndi tochi. Tamva kuti boma likufuna kusintha kayendetsedwe ka kampani ya madzi ndi ya magetsi. Akuti mwina abweretsa kampani yomwe si yaboma, akweza mitengo kuti igwirizane ndi ndalama zomwe amalowetsa pantchito, ndiponso aika mamita olipiriratu. Ena akuti zinthu ziyenda bwino, ena akuti tibwerera kumtsinje. Zoona ndi ziti, nanga ifeyo tingachitepo chiyani?"

Yankho: Mayi, mtima m'malo kaye. Onse awiri amene akuuzaniwo ali ndi mfundo, chifukwa zonsezo zinachitikapo m'maiko osiyanasiyana. Kuli mizinda komwe kusintha kotereku kunafikitsa mpope pakhomo la munthu yemwe anakalambira pamzere wa ndowa, kulinso komwe kunatulutsa anthu mumsewu ndi miyala m'manja. Chomwe chinasiyanitsa malo amenewa nthawi zambiri si nkhani yoti kampaniyo ndi yaboma kapena ayi. Ndi tinthu tolembedwa m'kati mwa mapepala: ndalama yolumikizira ndi zingati, mtengo waugawa bwanji, walamulidwa ndani kufikitsa mapaipi ndi mapolo kumadera a osauka, nanga munthu akalephera kulipira zimamuthera bwanji. Tinthu timeneti ndi tomwe muyenera kutchera khutu, ndipo tambiri mwa ito anthu angathe kutikankha tisanasainidwe.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe boma limafikira poganiza zosintha. Kampani ya madzi yodwala imadziwika ndi madzi otayika. Pa malita 100 alionse omwe yayeretsa ndi kupopa, si zachilendo kupeza kuti 30 mpaka 50 sabweretsa ndalama: ena athawira m'mapaipi ophulika, ena abedwa, ena adutsa m'mamita akufa, ena amwedwa ndi maofesi aboma omwe salipira mabilu. Ku magetsi n'chimodzimodzi, kumeneko mphamvu imatayikira m'mawaya okalamba, mathiransifoma olemedwa ndi kulumikiza kwachinyengo. Kampani yotere ikamagulitsanso pamtengo wotsika kuposa zomwe imalowetsa, imasowa ndalama yogulira mankhwala oyeretsera madzi ndi zitsulo zokonzera mapampu, osanenanso zokokera mapaipi kumadera atsopano. Madzi akachepa imayamba kugawa masiku, ndipo oyamba kuuma ndi a kumapeto kwa paipi ndi a kumtunda, komwe kawirikawiri kumakhala osauka.

Apa pali chinthu chomwe anthu ambiri sachiona. Mtengo wotsika wa madzi ndi magetsi umathandiza yekhayo amene ali ndi mpope ndi mita. Boma likamathira sabuside pa yuniti iliyonse, wodya gawo lalikulu ndi amene amagwiritsa ntchito mayunitsi ambiri: wa giza, firiji ziwiri ndi kapinga wothirira. Mayi wogula madzi a m'zigubu kwa ogulitsa oyenda nawo sapezapo kanthu, chonsecho pa lita iliyonse amalipira kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi wa mpope wa m'nyumba. Inuyo pa magetsi muli m'gulu limeneli. Kandulo ndi mabatire a tochi, mukawerengera kuwala komwe zimakupatsani, ndi zodula kwambiri kuposa babu la LED. Ndiye mtengo wa magetsi ukhale wotsika chotani, kwa inu phindu palibe mpaka tsiku lomwe waya adzalowe m'nyumba mwanu. Sindikunena kuti kukwera kwa mitengo n'kwabwino. Ndikunena kuti funso loyamba kudzifunsa ndi lakuti: kodi ine ndili ndi mita yangayanga, ndikugawana ndi ena, kapena sindinalumikizidwe n'komwe? Magulu atatu amenewa kusinthaku kumawakhudza mosiyana kwambiri.

Za mpope wogawanawo ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe inuyo mungapwetekeke kwambiri mosadziwa. Makampani ambiri a madzi amagawa mtengo m'masitepe. Madzi oyamba pamwezi, tinene malita 6,000, amakhala otchipa kwambiri kuti aliyense akwanitse akumwa, ophikira ndi osamba. Mukadutsa pamenepo mtengo wa lita umakwera, mukadutsanso sitepe ina umakweranso. Cholinga chake n'chabwino: wogwiritsa ntchito ambiri alipire zambiri n'kuthandizira wogwiritsa ntchito ochepa. Koma mita siwerenga mabanja, imangowerenga madzi odutsa. Tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo. Sitepe yoyamba, malita 6,000, mtengo wa malita 1,000 alionse ndi gawo limodzi. Kuchokera pamenepo kufika malita 15,000 ndi magawo awiri. Kupitirira apo ndi magawo anayi. Banja limodzi lokhala ndi mita yake likagwiritsa ntchito malita 6,000 lilipira magawo 6. Mabanja asanu apampanda wanu, lililonse malita 6,000 omwewo, mita iwerenga malita 30,000. Oyamba 6,000 ndi magawo 6, otsatira 9,000 ndi magawo 18, otsala 15,000 ndi magawo 60. Pamodzi 84. Mukagawana, banja lililonse magawo pafupifupi 17. Madzi omwewo, ndowa zomwezo, koma mukulipira pafupifupi katatu, ngati kuti ndinu bwana wothirira maluwa. Mitengo ikakwera, masitepe apamwambawo ndi omwe amakwezedwa kwambiri poganiza kuti akukwapula olemera, ndiye chikwapucho chimatera pa inu.

Vutoli lili ndi mankhwala ake odziwika. Kampani ingathe kulembetsa mpope wanu ngati wogawana, n'kuchulukitsa sitepe yotchipayo ndi chiwerengero cha mabanja, kuti inu asanu mupatsidwe malita 30,000 pamtengo wotsika. Ingathe kuika mtengo umodzi wosakwera pa mipope yogawana ndi malo ogulitsira madzi. Kapena banja lililonse lipatsidwe mita yake. Pitani mukafunse ngati dongosolo lotere lilipo, ndipo ngati kulibe, imeneyo ndi mfundo yoyamba yokanena pamsonkhano womva maganizo a anthu. Nkhani yomweyi imachitikanso ku magetsi pamene mwini nyumba akokera waya kuchokera pamita yake kupita kwa alendi: mita imadutsa malire a mayunitsi otchipa, ndipo alendi amalipira mtengo wapamwamba kuphatikizapo kaphindu ka mwini nyumba.

Tsopano za kulumikiza. Chomwe chimatsekereza osauka ambiri si bilu ya pamwezi, ndi ndalama yolumikizira yomwe imafunika kamodzi, yonse pamodzi, nthawi zina yofanana ndi zomwe banja limapeza miyezi ingapo. Ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, madzi anaperekedwa kwa kampani ya Aguas Argentinas mu 1993. Kontirakiti inati amene akulumikizidwa kumene ndiye alipire mtengo wa mapaipi atsopano okafika kudera lawo. Olumikizidwa kumenewo anali osauka a m'mphepete mwa mzinda, ndipo ambiri analephera kulipira. Patapita zaka zochepa anasintha n'kugawa mtolowo kwa makasitomala onse, akale ndi atsopano omwe, aliyense kachigawo kochepa pabilu yake. Chilungamo chinali pamenepo, poti akalewo mapaipi awo anawaikira ndi ndalama za msonkho wa anthu onse. Ku Phnom Penh, likulu la Cambodia, kampani ya madzi inalola kulipira ndalama yolumikizira pang'onopang'ono, ndipo mabanja osaukitsitsa inawachotsera gawo lina kapena yonse. Ku Senegal, atasintha kayendetsedwe ka madzi mu 1996, panali dongosolo lolumikiza mabanja ochepekedwa motchipa kwambiri, ndipo mipope ya pakhomo inachuluka m'mizinda. Ku Kenya, kuyambira 2015, ndalama yolumikizira magetsi kwa omwe ali pafupi ndi thiransifoma anaitsitsa kuposa theka n'kulola kuti idzidulidwa pang'onopang'ono pogula mayunitsi. Ndalama ya sabuside ikakhala yochepa, kuiika pa kulumikiza kumafikira osauka molunjika kuposa kuiika pa mtengo wa yuniti, chifukwa wosalumikizidwa pafupifupi nthawi zonse ndi wosauka.

Palinso zopinga ziwiri zomwe sizioneka papepala la mitengo. Choyamba ndi mawaya a m'nyumba: kampani imafikitsa waya pamita basi, zam'kati ndi zanu, ndipo kulipira wamagetsi, mawaya, maswichi ndi chiphaso choti nyumba yayezedwa kumatha kuposa ndalama yolumikizira. Maiko ena amathana nazo ndi kabokosi kobwera kali kolumikiziratu, kokhala ndi babu limodzi, masoketi awiri kapena atatu ndi chozimitsira pakachitika ngozi, komwe amangokakhomera pakhoma. Chachiwiri ndi mapepala a malo. Lamulo likati wolumikizidwa aonetse umwini wa poloti, ndiye kuti alendi onse ndi okhala m'madera osayezedwa atayidwa kunja ngakhale paipi ikudutsa kuseri kwa nyumba yawo. Kusintha kwabwino kumalola chiphaso cha munthu ndi kalata ya mwini nyumba kapena ya atsogoleri a m'dera kukhala zokwanira.

Nanga kampani yomwe si yaboma njoopsa? Mbiri yake njosakanikirana, ndipo aliyense wokuuzani mbali imodzi yokha akukubisirani ina. Ku Cochabamba, m'dziko la Bolivia, kampani ya Aguas del Tunari inatenga madzi mu 1999, ndipo kumayambiriro kwa 2000 mabilu anakwera kamodzin'kamodzi, ena mpaka kuwirikiza, ntchito isanaoneke n'komwe. Lamulo latsopano linaopsezanso zitsime zomwe anthu anakumba okha mogwirizana. Anthu anachita zionetsero, mnyamata wa zaka 17 anaphedwa, ndipo mu Epulo 2000 kontirakiti inathetsedwa. Chomwe sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti madzi atabwerera m'manja mwa kampani yaboma, madera a osauka a kummwera kwa mzindawo anakhalabe zaka zambiri akugula madzi a m'mathanki a magalimoto. Ku Dar es Salaam kampani ya City Water inayamba mu 2003, boma n'kuichotsa mu 2005. Ku Manila, likulu la Philippines, mzinda anaugawa pawiri mu 1997. Kampani ya kummawa, Manila Water, inachepetsa madzi otayika kuchokera pa oposa 60 pa 100 alionse kufika pansi pa 15, n'kulowetsa mapaipi m'madera othithikana a osauka. Ya kumadzulo, Maynilad, inasenza ngongole zambiri za ndalama zakunja, chuma cha ku Asia chitagwedezeka chaka chomwecho inatsamwa, ndipo pamapeto pake anaipezera eni ena. Mzinda umodzi, nthawi imodzi, zotsatira ziwiri. Ku Argentina akatswiri a zachuma omwe anafufuza zaka za m'ma 1990 anapeza kuti m'madera momwe madzi anaperekedwa kwa makampani omwe si aboma imfa za ana zinatsika ndi pafupifupi 8 pa 100 alionse, ndipo m'madera osaukitsitsa zinatsika ndi pafupifupi 26, makamaka chifukwa mabanja ambiri anapeza madzi aukhondo. Komabe kontirakiti ya ku Buenos Aires ija inathetsedwa mu 2006 pambuyo pa mikangano ya mitengo ndi malonjezo osakwaniritsidwa.

Ndipo chitsanzo chomwe chimatchuka kwambiri pa kusintha kopambana, cha ku Phnom Penh chija, kampaniyo inakhalabe yaboma. Mu 1993 inkataya madzi 72 pa 100 alionse. Motsogozedwa ndi mkulu wake Ek Sonn Chan inaika mamita paliponse, inakakamiza akuluakulu ndi asilikali omwe kulipira mabilu, inachotsa antchito aziphuphu, inakweza mitengo pang'onopang'ono, ndipo patatha zaka pafupifupi 15 madzi otayika anali pansi pa 10. Ine ndimaona kuti mkangano woti yaboma kapena ayi umadya nthawi yomwe anthu akanafunsira za kontirakiti. Kampani yofuna phindu singakoke paipi kupita kudera la osauka mwa chifundo, imapitako ngati kontirakiti yaitchulira dera ndi dzina, chiwerengero cha mabanja, chaka chomalizira ndi chindapusa ikalephera. Kontirakiti ikangoti mzinda wonse ufike pa 80 mwa 100 alionse, kampani idzayamba ndi madera osavuta ndi olipira bwino, inu n'kukhala m'gulu la otsalawo. Mfundo ina yoopsa ndi yopatsa kampani ufulu wokhala yokha yogulitsa madzi m'dera lomwe sinafikeko. Zikatero ogulitsa ang'onoang'ono ndi mijigo ya anthu zimasanduka zosaloledwa, chonsecho paipi kulibe.

Tibwere ku mtengo wotchipa wa mayunitsi oyamba, womwe maboma ambiri amalonjeza akamakweza mitengo. Dziko la South Africa linayamba mu 2001 kupereka malita 6,000 aulere pamwezi ku banja, ndipo mu 2003 mayunitsi 50 a magetsi kwa mabanja osauka. Tione kuti manambalawa akutanthauzanji pakhomo. Malita 6,000 pamwezi ndi malita 200 patsiku, zigubu khumi za malita 20. Pabanja la anthu asanu ndi atatu ndi malita 25 munthu aliyense patsiku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati malita 20 ndi ongopulumukira, ndipo kuti munthu asambe, achape ndi kusamala pakhomo bwinobwino amafunika pafupifupi 50. Ndiye banja lalikulu, kapena losamala wodwala, malire amenewa limawadutsa msanga. Ku magetsi, yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Mababu anayi a LED a mawati 9, maola asanu usiku uliwonse, amadya mayunitsi osakwana 6 pamwezi. Wailesi ya kanema ya mawati 60, maola anayi patsiku, pafupifupi 7. Kutchaja mafoni sikufika ngakhale 2. Ayironi ya mawati 1,000, ola limodzi pamlungu, mayunitsi 4. Zonsezi zikukwana mu 50 n'kutsalako. Koma chophikira cha mbale imodzi cha mawati 1,500, maola awiri patsiku, chokha chimadya mayunitsi 90. Choncho mayunitsi otchipawo ndi a kuunikira, osati ophikira. Funsaninso kuti mukadutsa malire chimachitika n'chiyani. Kwina mumalipira mtengo wapamwamba pa owonjezera okhawo. Kwina mukangodutsa ndi yuniti imodzi, mayunitsi onse a mwezi umenewo amawerengedwa pamtengo wapamwamba, kapena amakuchotsani m'gulu la otchipa kwa miyezi ingapo.

Samalaninso ndi ndalama yokhazikika ya pamwezi, ija mumalipira kaya mwatunga kaya simunatunge. Kwa wogwiritsa ntchito zambiri siioneka, koma kwa wogwiritsa ntchito zochepa imatha kukhala theka la bilu. Makampani amaikonda chifukwa ndi ndalama yotsimikizika, ndipo imakwezedwa mwakachetechete pomwe anthu maso ali pa mtengo wa yuniti.

Maiko ena anasankha kuthandiza banja m'malo motsitsa mtengo kwa onse. Ku Chile, kuyambira cha m'ma 1990, khonsolo imaunika mabanja, ndipo oyenerera boma limawalipirira gawo la bilu ya madzi mpaka muyeso woikika wa malita pamwezi, bola banjalo lizilipira gawo lake. Ku Colombia nyumba anazigawa m'magulu asanu ndi limodzi malinga ndi dera ndi kamangidwe: magulu atatu apansi amachotseredwa, lachinayi limalipira mtengo weniweni, awiri apamwamba amawonjezeredwa. Njira zonsezi zili ndi pobowoka. Ya kaundula imasiya amene sanamve, alibe chiphaso kapena wasamuka kumene. Ya madera imathandiza wolemera wokhala pakati pa osauka n'kusiya wosauka wochita lendi kuseri kwa nyumba ya bwana. Kaundula akatsegulidwa kwanuko musadikire kuti akupezani, pitani mukalembetse, ndipo mufunse kuti amaunikanso liti. Boma likalonjeza ndalama zapamanja m'malo mwa sabuside, chofunika ndi nthawi yake. Dziko la Iran mu 2010 linaika ndalamazo m'maakaunti a anthu mitengo isanakwere, n'chifukwa chake masiku oyamba anadutsa mwabata, ngakhale pambuyo pake kukwera mitengo kwa zinthu kunazidya mphamvu. Ndalama yobwera miyezi isanu ndi umodzi mtengo utakwera kale imapeza banja litagulitsa katundu kapena litalowa m'katapila.

Mamita olipiriratu ali ndi ubwino weniweni. Palibe bilu yongoyerekeza, palibe ngongole younjikana, palibe ndalama yolumikiziranso akakudulani, ndipo mumagula molingana ndi zomwe muli nazo tsiku limenelo. Pa magetsi mabanja ambiri ochepekedwa amaikonda. Kuipa kwake n'kwakuti munthu amadzidula yekha mwakachetechete, ndipo m'mabuku a kampani simuoneka kuti pali banja lomwe lakhala mumdima mlungu wathunthu. Magetsi akatha mumayatsa kandulo. Madzi akatha anthu amapita ku chitsime chosatetezedwa, ndipo kumeneko n'komwe kumachokera kolera ndi kutsegula m'mimba. N'chifukwa chake maiko amasiyana pa nkhaniyi. Ku England ndi Wales lamulo la mu 1999 linaletsa kudula madzi pakhomo chifukwa cha ngongole, ndipo France inachitanso chimodzimodzi mu 2013. Ku South Africa anthu a ku Phiri, m'dera la Soweto, anakasuma za mamita a madzi olipiriratu, koma mu 2009 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti ndi ololedwa. Msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza mu Julayi 2010 kuti madzi aukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense, koma ufulu umenewu sutanthauza aulere, umatanthauza okwanitsika. Muyeso womwe umatchulidwa kawirikawiri ndi woti madzi asadye kuposa 3 mpaka 5 pa 100 alionse a zomwe banja limapeza.

Akabwera kudzaika mita yotere pampanda wanu, funsani zinthu izi asanamange. Kodi ngongole yakale ya pamita aidula bwanji, gawo lanji pa ndalama iliyonse yomwe mwagulira? Ndipo ngongoleyo ndi ya yani? Alendi ambiri amapezeka akubweza ngongole ya anthu omwe anasamuka kalekale. Kodi mayunitsi akatha usiku kapena Lamlungu pali ongongola pang'ono? Mita ikafa, kapena batire lake likatha, amakonza m'masiku angati, nanga panthawiyo madzi muziwapeza kuti? Pa mpope wa mabanja asanu, mita imodzi yolipiriratu imabala mikangano, chifukwa mmodzi akachedwa kusonkha onse mwauma. Komwe kuli kotheka pemphani mtundu uja womwe banja lililonse limakhala ndi kakhadi kapena kakiyi kake kotungira.

Zonsezi zimadalira bungwe loyang'anira mitengo ndi kagwiridwe ka ntchito. Madzi ndi magetsi sali ngati sopo woti mukakwiya mukagula kwina, paipi ndi imodzi, ndiye payenera kukhala wina woima pakati. Bungwe lotere likakhala lamphamvu, kampani ikapempha kukweza mtengo limaifunsa kuti: pa ndalama mukuti mumalowetsazo, ndi zingati zomwe zikupita ku madzi otayika, ku antchito ochuluka mopyola ndi ku mabilu a maofesi aboma osalipidwa? Mawu oti mtengo ugwirizane ndi zomwe amalowetsa ndi omveka pokhapokha zolowetsazo zili za kampani yoyendetsedwa bwino. Apo ayi mukulipirira kutayirira kwa ena. Kukweza kwabwino kumabwera m'magawo, ndipo gawo lililonse limamangiriridwa ku chinthu choyezeka: maola angati a madzi patsiku, mabanja angati olumikizidwa, madzi otayika atsika kufika pati. Malamulo a maiko ambiri amalamula kuti pakhale misonkhano yomva maganizo a anthu mtengo usanasinthe. M'misonkhano imeneyi mumadzaza eni mafakitale ndi maloya awo, amayi a mpope wogawana saonekamo. Pitani pagulu, mutatenga mabilu a miyezi isanu ndi umodzi ndi chiwerengero cha anthu otunga pampopepo. Pepala limodzi loonetsa kuti mabanja asanu akulipira mtengo wa sitepe yapamwamba limamveka kuposa kudandaula kwa pakamwa.

Mwachidule nditchuleko zina zomwe zimabwera chammbali. Magetsi akakwera, chigayo, wowotcherera zitsulo ndi wometa amakwezanso, ndiye ngakhale wosalumikizidwa amamva kuwawa. Kumbali ina, magetsi akasiya kuzimazima, opindula kwambiri ndi amalonda ang'onoang'ono omwe alibe jenereta. Kampani ikamachepetsa antchito, mabanja ena amataya malipiro. Ndipo pomanga damu, msewu kapena mzere wa mapolo akuluakulu, osamutsidwa ayenera kulandira chipukutamisozi asanagwetse nyumba, osati pambuyo. Alendi ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu amaiwalika pa kalembera wa osamutsidwa, choncho dzina lanu lilembedwe tsiku lomwe akuwerenga, poti obwera pambuyo pa tsiku lotsekera sawerengedwa.

Pakadali pano pali zomwe mungayambe pampanda panupo. Sankhani munthu mmodzi aziwerenga mita tsiku lomwelo mwezi uliwonse n'kulemba m'kope, ngati pali foni yojambula ajambule. Bilu ikabwera yerekezani nambala yawo ndi yanu, chifukwa mabilu ambiri otupa amakhala ongoyerekeza. Yesani ngati pali pothawira madzi: usiku tsekani mipope yonse, lembani nambala ya pamita, m'mawa musanatunge muonenso. Ikasuntha ndiye kuti paipi ikudontha kumbali yanu ya mita, ndipo madzi amenewo mukulipira ndinu. Mpope wodontha kadontho pa sekondi iliyonse umataya malita 15 mpaka 30 patsiku, pomwe kalabala kotsekera m'kati mwake n'kotchipa. Thanki ya chimbudzi chogejemula yomwe siitseka bwino imataya malita mazanamazana. Gwirizanani kagawidwe ka bilu potengera chiwerengero cha anthu, osati zitseko, ndipo muzipempha mwini nyumba akuonetseni bilu yeniyeniyo, osati kungokuuzani ndi pakamwa. Wina akabwera n'kunena kuti akulumikizani mozemba, mukaneni. Chindapusa chake chimaposa ndalama yolumikizira, waya woonda woikidwa mobisa ndi womwe umayatsa nyumba, ndipo paipi yoboola mwachisawawa imalowetsa zonyansa m'madzi a dera lonse.

Bilu ikakhala yokayikitsa, kapena akakudulani popanda chidziwitso, yambani ku ofesi ya kampani, mulembe dandaulo, mutenge nambala yake ndi tsiku. Pemphani kuti mita iyezedwe, ndipo lipirani gawo lomwe simukulitsutsa kuti asapeze chonamizira. Ngati muli ndi ngongole, pitani asanakudule mukapemphe kubweza pang'onopang'ono, mgwirizanowo ulembedwe. Nthawi yomwe malamulo awo amapereka ikadutsa osayankhidwa, pitani ku bungwe loyang'anira mitengo, ku bungwe loimira ogula kapena ku ofesi yomva madandaulo a anthu pa ntchito zaboma. Nkhani ya kusamutsidwa kapena ya mwini nyumba amene wakutsekerani mpope imafuna alangizi a zamalamulo, ndipo musasaine pepala lomwe simunalimvetse. Madzi akasowa n'kukakamizika kutunga pena, awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu kapena muthire mankhwala a kolorini motsatira muyeso wa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Madzi oyamba kutuluka mpope ukabwerera pambuyo pouma amakhala atayamwa zonyansa m'ming'alu ya mapaipi, amenewo akhale okolopera. Mwana akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, mupatseni madzi a ORS nthawi yomweyo, ndipo akamasanza chilichonse, maso akalowa m'kati, akafooka kapena mukaona magazi m'chimbudzi chake, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.